Mmene Ndinapangira Chida cha Nkhondo m'Ndowa

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma nditamaliza maphunziro a uphunzitsi boma linayang'ana mapu n'kuona kuti malo ondiyenera ndi kumene pepala lathera. Ananditumiza ku Wenya, kumpoto kwenikweni. Ndinakwera basi mpaka basiyo inatopa, ndinakwera lole mpaka loleyo inakana, kotsalako ndinamalizitsa ndi miyendo, matiresi ali pamutu. Ndinafika ndili ndi satifiketi, nsapato zazitali zidendene zimene sindinazivalenso, ndi chikhulupiriro chachikulu chakuti ndimadziwa zinthu. Anandipatsa sitandade seveni, kuti ndiziphunzitsa Chichewa ndi sayansi.

Ahedi a pasukulupo anali mwana wa komweko, bambo wamtali wokonda jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sanali munthu woipa. Vuto lawo linali wailesi. Anali ndi kawailesi kamene sikankachoka m'thumba la jeketelo, ndipo chilichonse chimene kanena m'mawa ife tinkachimva kawiri: koyamba kuchokera m'thumbamo, kachiwiri kuchokera pakamwa pawo, chitanenepa. Msonkhano wa aphunzitsi wokambirana za kusowa kwa choko unkatha kukathera ku mayiko amene palibe mmodzi wa ife akanawaloza pa mapu.

M'chaka changa chachiwiri kawailesiko kanakakamira nkhani imodzi. Kudziko lina lakutali kunali nkhondo, ndipo kunkamveka kuti anthu a m'tauni ina aponyeredwa mpweya wapoizoni, ana n'kumafa akubanika. Mbali iyi inkaloza mbali iyo. Mbali iyo inkati ndi bodza, zithunzizo n'zopanga. Ena ankati kunalibe chida chilichonse, bomba wamba linangogwera nyumba yosungiramo mankhwala a m'fakitale. Akatswiri ankapita kukafufuza n'kubwerako ndi mawu ambiri. Dziko lonse lapansi silinkamudziwa wolakwa, kupatula ahedi athu, amene ankamudziwa m'mawa uliwonse, ngakhale kuti Lolemba ankakhala wina, Lachinayi wina.

"Kolorini," ankatero atakweza chala. "Mpweya umenewo ndi kolorini. Ukangoupuma kamodzi, mapapo amasanduka phala. Anthu akunja alibe chisoni, nadi."

Mphunzitsi wina anafunsa ngati ali kolorini yemweyo amene alangizi a zaumoyo amatipatsa kuti tizithira m'madzi akumwa. Ahedi anamuyang'ana momumvera chisoni.

"Yayi. Uyo ndi wakumwa. Uyu ndi wankhondo. Angofanana mayina."

Ine wasayansi ndinagwedeza mutu kuvomereza, chifukwa ndinkalemba sikimu ya maphunziro a teremu ndipo sindinkafuna kuti nkhaniyo italike.

Tinkawadandaula kwambiri anthu akutaliwo, ife amene poizoni tinkakhala naye ngati wachibale. Dibi ya ng'ombe inkasungidwa m'botolo la zakumwa, pawindo, pafupi ndi botolo la mafuta ophikira, ndipo chosiyanitsa mabotolo awiriwo chinali kukumbukira kwa mwini nyumba basi. Mankhwala a mbozi ankatakasidwa ndi dzanja, poti kufunafuna kamtengo n'kutaya nthawi. Wopopera ankayenda m'munda wopanda nsapato, mphepo ikumubwezera zonse kumaso, akamaliza n'kupukuta manja pa thalauza n'kuyamba kusenda nthochi. Tomato wopoperedwa m'mawa ankafika pamsika masana akuwala bwino, ndipo tinkalimbirana wowalayo. Ineyo ndinali ndi tameki wa makoswe pa sosala kuseri kwa kabati, pamene sosala zanga zinali ziwiri zokha, zofanana. Koma zonsezi sizinali zoopsa, poti wailesi inali isanazitchulepo.

Chaka chomwecho bungwe lina linatimangira kachipinda ka atsikana, kosambiramo ndi kusinthiramo akakhala kumwezi, kuti asamajombe. Kanali kokongola: matailosi oyera pansi ndi m'makoma, chitseko chachitsulo, ndi kawindo kamodzi kumwamba kongokwana nkhunda yowonda. Kukongola kwakeko kunachititsa ahedi kukakhoma ndi loko, kuopa kuti atsikana angakadetse alendo asanabwere kudzakapereka. Kanakhala kokhoma teremu yonse ndi theka. Atsikana anapitiriza kujomba mwaulemu, podikira riboni.

Kenako uthenga unafika kuti alendowo abwera Lachisanu. Titatsegula Lachitatu m'mawa tinapeza kuti amisiri anasiya simenti itadonthera paliponse pa matailosi, itauma gwa. Ahedi anandiitana. Ine ndinali mphunzitsi woona zaukhondo, udindo umene ndinaupeza chifukwa cha luso langa lapadera lobadwa wamkazi.

"Madamu, alendo adzaone nkhope zawo pansi apa."

Wondithandiza anali mayi amene anali wapampando wa gulu la amayi a pasukulu. Anali wamfupi, wamapewa otambalala, mlimi wa nyemba ndi mawere kutsidya kwa mtsinje. Ndi iwo amene anandiphunzitsa moni wa kumeneko nditangofika, atatopa kundimva ndikuyankha "zikomo" kwa aliyense wondifunsa kuti ndawuka uli. Ankaimba kwaya, ndipo Lamlungu mawu awo unkawamva tchalitchi usanachione. Ankanditchula kuti mwana wane, ine ndinkawatchula kuti amama.

Tinakwecha ndi sopo ndi mchenga mpaka dzuwa linakwera. Simentiyo inangotiseka. Ndinathamangira kunyumba kukatenga botolo langa la jiki, limene ndinali nditagula ku Boma. Pobwerera ndinapeza mlonda wa pasukulu ataima pakhomo, manja ali kumbuyo, akuonerera mmene amuna amaonerera ntchito ya akazi. Anali bambo wachikulire amene kale anagwirapo ntchito pa galaja, ndipo tsopano ankakonza mabatire a sola a anthu a m'midzi yozungulira.

"Simenti siimva sopo, amadamu," anatero. "Imamva asidi."

Anapita kukanyumba kawo n'kubwerako ndi botolo la asidi wa mabatire lopanda chizindikiro, lotsekedwa ndi chitsononkho.

"Ku galaja tinkatero. Mudonthezere pang'ono pa simentipo, mudikire, kenako mupale."

Iwo anati pang'ono. Iwo anati pa simenti. Ndikufuna zimenezi zilembedwe, chifukwa pambuyo pake ndinayesetsa kuziiwala. Ine ndinaganiza motere: jiki amayeretsa, asidi amasungunula, nanga bwanji osaziphatikiza kuti zithandizane, ife tikapume msanga? Mlonda atangotembenuka ndinakhuthulira jiki yense m'ndowa imene inali m'kati mwa kachipindako, ndinathiramo asidi osayeza, ndinapereka burashi kwa amama, n'kuwauza kuti ndikaone kaye kalasi yanga, imene inkamveka ngati msika.

Unali mwezi wa Julaye, nthawi imene mphepo ya ku Wenya imawomba ngati ili nawe mlandu. Ndisanafike pakhomo la kalasi ndinamva chitseko chachitsulo chija chikumenyeka. Sindinacheuke. Ndinakalipira ana, ndinayamba kulemba ntchito pa bolodi. Amene anandiitana anali mlonda, ndipo ulendo uno sanati amadamu. Anangokuwa.

Amisiri, mwa nzeru zawo, anaika kachitsulo kokolera chitseko kunja kokha, ndipo chitsekocho chitamenyeka kachitsuloko kanagwera m'malo mwake. Amama anagogoda, mlonda anamva mochedwa chifukwa cha mphepo. Fungo lake ndinalimva ndili patali, fungo la jiki koma lolusa, lobaya m'mphuno ngati singano. Mlonda anali atatsegula kale, ali chogwada pa udzu akutsokomola. Amama anali chogona pakhomo, miyendo ili m'kati, maso ali psuu akuchucha misozi, akukoka mpweya ndi kaphokoso ngati ka wezulo yosweka. Ndinawagwira m'khwapa n'kuwakokera panja. Pakhomopo ndinapuma kamodzi kokha, koma pakhosi panga panayaka moto. Iwo anali atapuma kangati, sindikudziwa.

Apa ndiyenera kunena chilungamo: kawailesi kaja kanagwira ntchito. Ahedi atafika ananunkhiza kamodzi, nkhope inasintha, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ine analankhula mawu ochepa.

"Mphepo ikuchokera uku, ana onse apite uku, kumtunda! Madzi! Athireni madzi kumaso, avuleni juziyo!"

Anamenya okha rimu ya galimoto imene inali belu lathu. Zonse zimene analamula zinali zolondola, ndipo adokotala anadzatsimikiza. Akanathera pomwepo, bwenzi lero ndikuwatchula ngwazi. Koma ana atasonkhana pa chulu kuseri kwa bwalo la mpira, khamu lonselo likuwayang'ana, ahedi sakanatha kutaya mwayi wotero. Anakwera pamwamba pa chulucho, mpango uli pamphuno, n'kulengeza:

"Ŵana ŵane, chimene mwanunkhizachi ndi kolorini. Chida cha nkhondo chija timamva pa wailesi, lero chafika pasukulu pano."

Ana anamwazikana, aliyense kuloza kwawo. Palibe nyuzipepala imene imayenda msanga kuposa mwana wa sitandade thu amene wathawa sukulu ndi chilolezo cha ahedi.

Chipatala chathu chaching'ono chinali ulendo wa ola limodzi wapansi. Tinamangirira bulangete pa mitengo iwiri, aphunzitsi aamuna anayi n'kunyamula. Ine ndinkayenda pambali nditagwira dzanja la amama, ndikubwereza kuti "phepani amama, phepani," mawu okhawo a Chitumbuka amene anatsala m'mutu mwanga. Iwo sankayankha. Mpweya wochepa umene ankaupeza unali ndi ntchito ina.

Adokotala a pamenepo anali bambo wa ku Zomba, wa nkhope ya munthu amene analeka kalekale kudabwa. Anawaika amama pa makina a mpweya, amene mwamwayi tsiku limenelo anali ndi moto. Atamaliza anatulukira pakhonde pamene tinali.

"Munasakaniza chiyani?"

Ndinawauza.

"Anasakaniza ndani?"

"Ine."

"Mumaphunzitsa chiyani, achemwali?"

"Chichewa," ndinatero. Kenako, poona kuti aphunzitsi anzanga ali pomwepo akumva, ndinawonjezera: "Ndi sayansi."

Sanaseke. Ndikanakonda akanaseka. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana, kuti mphamvu ya jiki ndi kolorini atamangidwa m'madzi, ndipo asidi amamumasula n'kukhala mpweya. Anati ndi yemweyo amene timathira m'madzi akumwa, yemweyo amene amakolopera chipatalacho, yemweyo amene amayeretsera nsalu ndi mapepala m'mafakitale, yemweyonso wa pa wailesi.

"Chimasiyana ndi kuchuluka kwake, malo ake, ndi mutu wa munthu amene wamugwira," anatero, akuyang'ana mutu wanga. "Pano ndalandirapo omwa dibi, okomoka popopera mbewu, ana otola tameki. Inu mwangotibweretsera zachilendo."

Amama anagonekedwa masiku anayi. M'masiku anayi amenewo ine ndinakwezedwa udindo mofulumira kuposa mmene boma likanachitira. Lachitatu madzulo ndinali mphunzitsi amene walakwitsa. Lachinayi kuchigayo ndinali nditaphulitsa bomba. Pofika Loweruka pamsika ndinali kazitape wotumidwa kudzayesa mankhwala pa anthu a kumpoto, ndipo panapezeka munthu amene anaona ndege. Mayi wogulitsa tomato wowala uja anandipempha kuti ndisagwire katundu wake, ndingoloza. Ana ankagwira mphuno ndikamadutsa, ndipo ena, olimba mtima, ankabwera pafupi kudzandinunkhiza.

Alendo anabwera Lachisanu monga mwa pangano. Ine ndinauzidwa kuti ndikhale kunyumba ndipumule, ndipo zomwe zinachitika ndinazimva kwa mphunzitsi mnzanga. Mlonda anali atamaliza okha ntchito ija, mwa njira yawo ya pang'onopang'ono, chitseko atachitchinga ndi mwala. Matailosi anali mbee. Ana anavina, riboni inadulidwa, zithunzi zinajambulidwa. Mayi wina mwa alendowo anasuzumira m'kachipindako n'kufunsa kuti tinagwiritsa ntchito chiyani kuti muyere chonchi.

"Mgwirizano wa makolo ndi aphunzitsi," anayankha ahedi.

Sabata yotsatira komiti ya sukulu inakhala pansi. Tinakumana m'kalasi ya sitandade eyiti, akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana, maondo ali m'mwamba. Wapampando wa komiti anali bambo woweta ng'ombe, wolankhula mozengereza, amene malaya ake ankanunkha dibi chaka chonse. Msonkhano unayamba m'Chichewa pofuna kundilemekeza, koma nkhani itatentha unalowa m'Chitumbuka, ndipo mlandu wanga ndinkautsatira pomva pamene patuluka mawu oti madamu.

Mlonda analankhula koyamba.

"Asidi uyu ndakhala naye zaka zambiri. Wandibowolera mathalauza, enya, koma sanabanikitsepo munthu."

Zinali zoona. Ine ndinati jiki amagulitsidwa m'golosale iliyonse ndipo akazi dziko lonse amachapira. Zinalinso zoona.

Ahedi anaimirira akuwala nkhope. Nkhani imene anakhala akuimvera patali miyezi yonseyi inali itabwera yokha pakhomo, ndipo katswiri wake anali iwo.

"Monga mukuonera," anatero, "mbali zonse ziwiri zikukana. Nkhani zotere zimafuna kufufuza mwakuya."

Ndinayang'ana mlonda. Anali atavula chipewa, akuchipotokola pa maondo. Ntchito ya ulondayo ndi imene inkawasungira ana kusukulu, ndipo ndinkaona bwino kumene kufufuza mwakuya kunkalowera: pakati pa mphunzitsi wa boma ndi mlonda wolembedwa ndi komiti, amene amapezeka wolakwa amadziwika kafukufuku asanayambe. Ndikanakonda kunena kuti ndinaimirira nthawi yomweyo. Ndinadikira kaye anthu atatu alankhule.

"Palibe mbali ziwiri," ndinatero pamapeto pake. "Adada awa anati pang'ono, pa simenti. Amene anathira zonse m'ndowa ndine, ndipo nditathira ndinachoka."

Kenako bambo wina kumbuyo anati, "Wazomera," kutanthauza kuti ndavomera mlandu, ndipo mawuwo anayenda desiki ndi desiki. Ahedi anakhala pansi mokhumudwa. Kafukufuku amene akanawadyetsa nkhani mpaka Khirisimasi anali atatha dzuwa lisanapendeke.

Kunatsala chigamulo, ndipo apa komiti inaonetsa nzeru zakuya. Mphunzitsi sakanachotsedwa, chifukwa aphunzitsi ku Wenya samera ngati bowa, ndipo otumizidwako ambiri amangoona msewu n'kudwala. Asidi sakanaletsedwa, chifukwa aliyense m'chipindamo anali ndi batire kunyumba loyatsira getsi ndi kutchajira foni. Kalata ya adokotala, imene inangoti mankhwala asamasakanizidwe ndipo chitseko chizikhala chotsegula, inawerengedwa n'kuyamikiridwa chifukwa cha Chingerezi chake. Wolakwa anapezeka jiki, poti ndi yekhayo amene analibe m'bale m'chipindamo. Kunalembedwa m'buku kuti jiki, ndi chilichonse chonunkha ngati iye, asadzapezekenso pasukulu ngakhale m'nyumba za aphunzitsi. Za kachitsulo ka pachitseko palibe anazitchula. Mlonda anakasamutsira m'kati tsiku lotsatira, osauza munthu.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma mvula inagwa, mitsinje inadzaza, ndipo mu Januwale anthu anayamba kutsegula m'mimba. Mlangizi wa zaumoyo, mayi wa komweko amene anali atatha nsapato zambiri m'njira za kumeneko, anayamba kuyenda mudzi ndi mudzi ndi chigubu cha kolorini wothira m'madzi. Zaka zonse anthu ankalandira. Chaka chimenecho anakumbukira zimene ahedi ananena pa chulu. Anakumbukiranso zimene ine, pofuna kukonza zinthu, ndinaphunzitsa sitandade seveni: kuti wakumwa ndi wankhondo ndi mmodzi, amangosiyana muyeso. Ana anakafikitsa kunyumba theka loyamba la chiganizocho. Anthu ankalandira kolorini ndi manja awiri, n'kunena "yewo chomene," mlangizi akangokhota n'kukamutaya kuseri kwa nyumba.

Ndinakumana naye mlangiziyo panjira tsiku lina, chigubu chili pamutu, matope afika m'maondo. Sanandipatse moni.

"Zaka zanga zonse zophunzitsa anthu," anatero, "mwazithira m'ndowa imodzi."

Kwa amama ndinali ndisanapiteko chituluke m'chipatala. Ndinkatumiza shuga ndi sopo kudzera mwa amayi anzawo, ndipo ndinkadziuza kuti ndikuwapatsa mpata wochira. Loweruka lotsatira ndinawoloka mtsinje, nsapato zili m'manja. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Anali ataonda, ndipo mapewa aja anali atagwa.

"Mwana wane, mwasowa," anatero. "Ndimayesa nkhondo yakutengani."

Ndinagwada n'kuyamba mawu amene ndinawakonza njira yonse. Sindinafike nawo patali.

"Munandithira dala?"

"Ayi, amama."

"Chitseko munatseka ndinu?"

"Inali mphepo."

"Ipo mphepoyo ibwere idzagwade." Anatsokomola nthawi yaitali, ine ndikudikira. "Koma uchitsiru wokha ndi wanu. Umenewo musagawane ndi munthu."

Anandiuza, mosadandaula, ngati akunena za nyengo, kuti pochokera kumtsinje ndi ndowa tsopano amapuma kawiri panjira pamene kale sankaima. Munda wa mawere chaka chimenecho analima theka. Ku kwaya ankapitabe, koma akayamba kukweza mawu chifuwa chinkawadula, ndiye ankangoombera m'manja. Pamenepo ndinalephera kudzigwira.

"Musalirire pa nyemba zanga," anatero, akusuntha lichero. "Zingamere."

Nditapukuta maso ndinawauza za mlangizi ndi kolorini wotayidwa kuseri kwa nyumba. Anali akudziwa kale. Mwana wa nyumba yoyandikana nawo anali atanyamulidwa kupita kuchipatala masiku awiri apitawo.

"Ŵanthu aŵa," anatero. "Wobanika ndinali ine, koma mantha atenga iwo."

Lolemba m'mawa anandituma kuti ndikaitane mlangizi, tikumane pamjigo nthawi imene amayi amachuluka. Ine ndinaima patali, chifukwa kupezeka kwanga pafupi ndi madzi a anthu sikukanathandiza aliyense. Amama anajiga ndowa yawo, mlangizi anayeza kolorini ndi kachivundikiro n'kuthira, ndipo anadikira nthawi yoti mankhwalawo agwire ntchito, amayi onse atasiya kujiga. Kenako amama anatunga kapu yodzaza n'kumwa yonse. Atangotsitsa kapuyo chifuwa chija chinawagwira, monga chinkachitira nthawi iliyonse. Amayi anakuwa, ena anataya zigubu n'kuthawira m'chimanga.

Amama anadikira mpaka mpweya unabwerera.

"Bwererani kuno, imwe! Chifuwa ichi n'cha madamu, si cha madzi!"

Onse anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ine, posowa chochita, ndinakweza dzanja ngati mwana woyankha m'kalasi. Wina anayamba kuseka, kuseka n'kufalikira. Tsiku limenelo amayi angapo anatengako kolorini. Ena anakana, ponena kuti amamawo sangafe nayenso chifukwa thupi lawo linamuzolowera. Mlangizi anapitiriza kuyenda mpaka mvula inatha, ndipo moni wanga anayambanso kuyankha cha m'mwezi wa Meyi.

Ku Wenya ndinakhalako zaka zina zinayi. Mawu a amama anabwerera pang'ono, okwanira kuimba chapansipansi kumzere wakumbuyo, koma kunja kwa tchalitchi sanamvekenso. Nkhondo ya kutali ija inachoka pa wailesi osatiuza kuti wolakwa anali ndani, ndipo ahedi anasamukira ku nkhani ya matenda a nkhumba.

Lamulo la komiti silinafafanizidwe. Ine ndinagula botolo lina ulendo wotsatira wa ku Boma, n'kulibisa m'sutikesi ngati kachasu. Itayandikira Pasaka, pamene amayi a mpingo amafuna mabulauzi awo oyera awale, ndinayamba kulandira alendo a masana olowera khomo lakuseri. Ankakhala pampando, n'kufunsa za moyo, za kwathu, za mvula ya ku Ntcheu, kenako n'kutsitsa mawu: "Kamankhwala kaja muli nako?" Aliyense ndinkamuthirira pang'ono, n'kumulalikira kuti asasakanize ndi china chilichonse, achapire panja, asunge patali ndi ana. Ankagwedeza mutu mofulumira ngati anthu omvera ulaliki nyama ili pamoto.

Womaliza kubwera anali mkazi wa wapampando wa komiti. Anakulunga kabotolo kake m'chitenje, anasuzumira kunja mbali zonse ziwiri, n'kundigwira dzanja.

"Adada kunyumba asamve, madamu. Mukudziwa ndi amene anasainira."

Ndinalonjeza. Lamlungu la Pasaka wapampandoyo anakhala kumzere wakutsogolo, nyimbo ili pakamwa, atavala malaya oyera kuposa a munthu wina aliyense m'tchalitchimo.